Wogula nkhunzi ndi mmodzi, koma matenda ake ndi a mudzi wonse

Ku okushoni ya fodya, kaya ndi ku Kanengo kaya ku Limbe, wogula amasolola tsamba m'belo, kulitambasula, kulinunkhiza, ndipo chimene waona ndicho wagula. Fodyayo akadzapezeka woipa, wolira ndi iye yekha. Alimi ambiri amapita kokagula nkhunzi ndi maganizo omwewo: maso anga ndi okwanira, ndalama ndi zanga, palibe wondiuza chochita. Ine ndikukana zonsezi. Matenda amene amagwetsa khola saoneka ndi maso, ndipo nkhunzi ikangofika pamudzi imasiya kukhala nkhani ya mwini wake yekha.

Kwathu kuno ng'ombe zambiri sizidya m'mipanda. Zimakumana kudambo, kumtsinje ndi kudibi, ndipo anthu akakolola zimangosakanikirana m'minda kudya mapesi. Nkhunzi yamphamvu imakwanitsa zazikazi 25 kapena 30 pa nyengo imodzi, ndipo sifunsa kuti iyi ndi ya yani. Munthu akabwera ndi nkhunzi ya mtundu wa Brahman, anansi amasangalala mumtima chifukwa apeza mbewu yabwino yaulere, ena mpaka amauza abusa awo kuti azidyetsera kufupi nayo. Ngati nkhunziyo yabwera ndi vuto, lidzayenda njira yomweyo imene mbewuyo ikuyenda. N'chifukwa chake ndikunena kuti mudzi uli ndi ufulu wofunsa mafunso nkhunzi yachilendo isanamasulidwe, ndipo wogulitsa ali ndi udindo woyankha mafunsowo mtengo usanatchulidwe.

Amene anaonapo okushoni ya nkhunzi ku Zimbabwe, ku Zambia kapena ku South Africa, kumene kumagulitsidwa mitundu ngati Brahman, Boran ndi Bonsmara, akudziwa mmene zinthu zimathamangira. Ng'ombe imalowa m'bwalo itasambitsidwa, ubweya ukunyezimira, itadyetsedwa chakudya chonenepetsa kwa miyezi ingapo. Imazungulira mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Wotchula mitengo ali pakamwa liwiro, munthu wa pambali pako wakweza dzanja, nawe mtima wakwera, sukufuna kuoneka wochepa pagulu. Pa mphindi ziwirizo uona linunda, msana, miyendo ndi mayendedwe, ndipo zonsezo n'zofunika ndithu. M'misika yathu ya ng'ombe mulibe nyundo ya wotchula mitengo, koma changu chake n'chomwecho. Wogulitsa amangoti, "Bambo, taonani nokha, ng'ombe iyi sinadwalepo," kumbuyo kwako kuli wa butchala amene ndalama zili kale m'manja. Wa butchalayo alibe nkhawa, chifukwa mawa ng'ombeyo ikhala nyama. Iwe ukugula chiweto chimene chidzakhale pakati pa ng'ombe zako zaka zinayi kapena zisanu.

Ndipo wogulitsayo mwina sakunama. Pali matenda awiri opatsirana pokwerana, trichomoniasis ndi vibriosis, amene nkhunzi imanyamula osadwala nawo ngakhale pang'ono. Imadya bwino, imanenepa, imakwera ngati zinzake. Tizilombo take timabisala m'makwinya a chikopa chophimba chiwalo cha nkhunzi, ndipo nkhunzi ikamakula makwinyawo amazama, kotero kuti yachikulire imatha kukhala nato moyo wake wonse. Zotsatira zake zimaonekera kwa zazikazi. Ng'ombe imatenga bere, kenaka kamwana kamafa kadakali kakang'ono kwambiri, mlimi osaona chilichonse pansi. Pakapita masabata angapo ng'ombe ija yayambanso nyere. Imakweredwanso, nkubwereranso. Bere la ng'ombe ndi la miyezi isanu ndi inayi, choncho chaka chimatha anthu akudikira. Podzazindikira kuti matole chaka chino achepa mudzi wonse, mlandu amaupereka kwa chilala, kwa msipu, mwinanso kwa munthu wina wosalakwa amene akumuganizira zaufiti. Nkhunzi yokongola ija palibe amaiganizira.

Kuyeza matenda amenewa si ntchito yapamwamba. Nkhunzi imayamba yapumitsidwa kukwera kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Dotolo wa ziweto amailowetsa m'kampanda kopanikiza, kumeta ubweya wa kunsonga kwa chikopa chija, kulowetsa kapaipi, kuthiramo madzi a mchere okonzedwa, kusisita kunja mwamphamvu, kenaka nkukokanso madziwo atasanduka ambuu. Madziwo ayenera kufika ku labotale mwachangu, osawasiya padzuwa. Chimene ambiri safuna kumva n'chakuti kuyeza kamodzi sikokwanira. Tizilomboto nthawi zina sitigwidwa, ndiye amayeza katatu motalikirana sabata imodzi. Wogulitsa akakuonetsa pepala la ulendo umodzi, wakuonetsa gawo limodzi mwa atatu. Ndipo nkhunzi ikapezeka ndi trichomoniasis, palibe mankhwala odalirika oichiritsira. Apa m'pamene ndimalimbikira kuti nkhunzi yaing'ono yomwe sinakwerepo ndi yabwino kuposa yachikulire imene ana ake anthu akuwatama. Yachikulireyo yadutsa m'makola angati, ndipo bwanji mwini wake akuitaya ngati ili yabwino chotero?

Matenda ena, funso lake sililunjika pa nkhunzi yokha koma pa khola limene yachokera. Brucellosis imatayitsa bere miyezi yomalizira, nsengwa nkukanirira m'mimba, ndipo munthu amatha kuitenga pomwa mkaka wosaphitsa kapena pogwira mwana wotayidwayo ndi manja. Kunena zoona, nkhunzi yokwera yokha si imene imafalitsa kwambiri matendawa. Amafala kwambiri kudzera m'zotuluka pa nthawi yotaya bere. Koma nkhunzi yochokera m'khola lotere ikhoza kutupa ziwalo nkusiya kubereketsa, ndipo magazi ake amakuuza zimene zili kumene yachokera. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe nacho chimayenda mwakachetechete kwa zaka, chiweto chikuoneka bwinobwino, ndipo chimagwiranso anthu. Poyeza amabaya pakhungu nkudzaonanso patatha maola 72 ngati patupa. Ku Britain, kumene kuyeza kumeneku n'kwa tsiku ndi tsiku, boma lenilenilo limavomereza kuti pa ng'ombe zisanu zodwala, pafupifupi imodzi imatha kuphonyeka. Choncho mlimi wanzeru kumeneko safunsa kuti ng'ombe iyi inayezedwa liti basi. Amafunsa kuti khola lonse linapezeka liti komaliza ndi matendawa, ndipo lakhala zaka zingati lili loyera. Ku England kuli mapu a pa intaneti otchedwa ibTB amene aliyense angathe kuonapo mafamu amene agwidwa ndi chifuwachi. Pa okushoni zikuluzikulu za nkhunzi ngati ya ku Stirling ku Scotland, pakhomo pa kakhola ka nkhunzi pamapachikidwa khadi yonena za thanzi la khola lake, wogula nkuiwerenga asanakhale pansi kuyamba kupikisana. Mwambo umenewu sufuna chuma cha ku Ulaya. Umafuna pepala, cholembera ndi lamulo loti wopanda khadi asalowetse ng'ombe m'bwalo.

Palinso vuto la msika weniweniwo. Nkhunzi ikhoza kuchoka kwawo ili yoyera nkukatenga matenda pamalo ogulitsira, chifukwa pamenepo pakumana ziweto za m'makola makumi angapo, zikununkhizana pampanda, kumwera m'chomwera chimodzi ndi kukwera magalimoto omwewo. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabisala m'thupi masiku awiri mpaka 14 asanaonekere, ndipo chiweto chimayamba kupatsira zinzake dovu lisanayambe kutuluka. Mu February 2001 matendawa atatsimikizika ku Britain, anali atadutsa kale m'misika ya Hexham ndi Longtown pamsana pa nkhosa zimene zinkaoneka zabwinobwino, ndipo pamene boma limaletsa kuyendetsa ziweto anali atafika kale kutali. Mafamu oposa 2,000 anagwidwa, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, ndipo ngakhale chisankho cha dziko chinasunthidwa. Chopweteka china chinabwera pambuyo: alimi amene makola awo anatha anathamangira kukagula ng'ombe zina, ndipo ena mwa iwo anagula pamodzi ndi chifuwa chachikulu, nkuchilowetsa m'madera amene chinali chosowa. Kuchokera pa phunziro la matenda a zilonda a mu 2001, ku England famu ikalandira ng'ombe kapena nkhosa yatsopano siloledwa kutulutsa ziweto kwa masiku asanu ndi limodzi.

Chitsanzo chapafupi ndi South Africa. Dzikolo linataya mbiri yake yokhala ndi chigawo chopanda matenda a zilonda mu January 2019. Mu November chaka chomwecho anabukanso ku Molemole m'chigawo cha Limpopo, ndipo ofufuza atatsata mapazi ake anakafika pa okushoni. Nduna ya zaulimi pa nthawiyo, mayi Thoko Didiza, inatseka okushoni za ziweto m'dziko lonse kuyambira December mpaka February 2020. Mu August 2022 boma linaletsanso kuyendetsa ng'ombe m'dziko lonse kwa masiku 21, ndipo kenaka linalamula kuti chiweto chikamasamuka mwini wake alembe kalata yotsimikiza za thanzi lake, wolandirayo nayenso alonjeze kuchisunga pachokha masiku 28. Ngakhale zili choncho, mu 2025 matendawa anafika mpaka m'makola akuluakulu onenepetsera ng'ombe m'chigawo cha Gauteng. Lamulo lolembedwa bwino silithandiza ngati anthu akulizemba usiku. Ndipo dziko limenelo lili ndi madotolo ndi malabotale ochuluka kuposa athu.

Ife nkhani imeneyi si yachilendo. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa chimene chimachitika boma likalengeza kuti matenda a zilonda abuka. Misika imatsekedwa, pamsewu pamaikidwa zipata, nyama siloledwa kutuluka. Njati za m'nkhalango ngati Lengwe zimasunga kachilomboka osadwala, choncho chiopsezocho sichidzatheratu. Amene amavutika si mwini nkhunzi yekha. Ndi bambo amene amafuna kugulitsa ng'ombe imodzi kuti alipire fizi ya mwana, mayi wogulitsa mbuzi, mnyamata wa kanyenya, woyendetsa ngolo amene ng'ombe zake zikutsimphina. Chakumpoto nako tiyenera kukhala maso ndi matenda a m'mapapo otchedwa CBPP, amene alipo ku Tanzania ndi kumadzulo kwa Zambia, ndipo ng'ombe yooneka ngati yachira imatha kuwasungabe m'mapapo. Nkhunzi yotsika mtengo yodutsa m'njira zachidule pamalire ikhoza kutibweretsera chinthu chimene dziko lonse lidzalipire kwa zaka.

Chiopsezo chimayendanso chobwerera, ndipo ichi ogula amachiiwala kwambiri. Ng'ombe zathu zachikuda zinakulira pakati pa nkhupakupa ndipo zambiri zinazolowera matenda ake. Nkhunzi yochokera ku famu yosambitsa sabata iliyonse, kudera kopanda matenda a nkhupakupa otchedwa East Coast fever, ikafika m'madambo a chigawo chapakati kapena kumpoto ilibe chitetezo chilichonse. Nkhupakupa yofiirira ya m'makutu ikailuma, pakatha sabata ziwiri zotupa zatuluka pansi pa khutu, thupi latentha, kupuma kwavuta, ndipo ng'ombe zachilendo zambiri sizipulumuka zikachedwa kulandira mankhwala. Zimbabwe inataya ng'ombe zambirimbiri kuyambira cha m'ma 2017 ndi mtundu wina wa matenda omwewa, umene kumeneko amautcha January disease, madibi atafooka. Chimene chimandiwawa n'chakuti katemera wa East Coast fever amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, nkumatumizidwa kumayiko ena, pamene munthu wathu akutaya ndalama za fodya wa chaka chonse pa nkhunzi imene sanaibayitse.

Tsono pali zonena za anthu otsutsa, ndipo zina n'zomveka.

Ena akuti, kalata ya chilolezo ya a vetenale ndili nayo, mukufunanso chiyani? Kalatayo ndi yofunika ndipo kuyendetsa ng'ombe popanda iyo n'kuphwanya lamulo. Koma imangonena kuti dera limene ng'ombe ikuchokera silinatsekedwe ndiponso kuti tsiku limenelo inkaoneka bwino. Palibe magazi amene anatengedwa, palibe madzi amene anapita ku labotale.

Ena akuti kuyeza n'kodula ndipo labotale ili kutali. Izi n'zoona, ndipo sindikuzichepetsa. Central Veterinary Laboratory ili ku Lilongwe, ndipo mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangamangopitako ngati kumsika. Alangizi a ziweto ndi ochepa, ena alibe ngakhale mafuta a njinga yamoto. Koma tawerengerani. Ngati pa zazikazi 30 za pamudzi khumi zokha zalephera kubereka chaka chimodzi, amenewo ndi matole khumi otayika, pamodzi ndi mkaka wake. Kuyeza nkhunzi imodzi katatu sikungafike pamtengo umenewo. Ndipo popeza onse adzapindula ndi mbewuyo, palibe chifukwa choti wogula asenze yekha. Eni ng'ombe amasonkha kale ndalama za mankhwala a kudibi. Asonkhenso za kuyeza nkhunzi. Kumbali ya boma, popeza LUANAR tsopano ikuphunzitsa madotolo a ziweto kuno kwathu, achinyamata amenewo apatsidwe ntchito m'misika ya ng'ombe ndi zipangizo zotengera magazi, m'malo mowasiya akugulitsa mankhwala m'masitolo a m'tauni.

Ena akuti, ngati mukuopa chonchi, ndiye tisamagule nkhunzi? Ayi, ndipo apa ndisamveke molakwa. Khola limene nkhunzi ikukwera ana ake ndi adzukulu ake limabwerera m'mbuyo: matole amabadwa ofooka, ng'ombe zimachepa msinkhu. Magazi atsopano ndi ofunika. Alimi a mkaka ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ali ndi njira ina, yobereketsa ng'ombe ndi umuna wosungidwa mozizira, ntchito imene malo a boma a ziweto a ku Mikolongwe akhala akudziwika nayo, ndipo njirayo imapewa matenda ambiri opatsirana pokwerana. Koma imafuna munthu woona nyere pa nthawi yake, foni, njinga ndi thanki yozizira bwino. Kwa ng'ombe zoyenda kudambo tsiku lonse ndi kamnyamata, nkhunzi idzakhalapobe. Funso ndi la kagulidwe.

Kagulidwe kamene ndikukhulupirira kamayamba tsiku la okushoni lisanafike. Pitani kukhola kumene nkhunzi ikuchokera, mukaone amake ndi azibale ake, muwerenge matole poyerekeza ndi zazikazi. Khola limene zazikazi zili 40 koma matole ali 12 lakuuzani kale zambiri. Funsani ngati pali ng'ombe inataya bere chaka chatha, ngati mwini wake amagula ziweto kwina kawirikawiri, katemera amene anabaya ndi tsiku lake, ndiponso ngati dotolo anayeza umuna wa nkhunziyo, pakuti kunenepa sikutanthauza kubereketsa. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere. Ambiri amanyadira kutulutsa mabuku awo. Amene wayamba kukalipa kuti mukumunyoza wakupatsani yankho. Mukapita ku okushoni, pitani mutasankhiratu nkhunzi ziwiri kapena zitatu zimene mbiri yake mukuidziwa, ndi mtengo umene simudutsa. Zina zonse, ngakhale zikongole bwanji, manja akhale m'thumba.

Ikafika kunyumba, ikhale payokha masiku osachepera 28, ndipo payokha pakhale payokha penipeni. Kuimangirira kuseri kwa khola kumene ikugundana mphuno ndi zinzake si kuipatula. Ikhale ndi chomwera chake, munthu woisamalira aziyamba ndi ng'ombe zina nkumalizira iyo, asambe m'manja ndi kutsuka nsapato. M'masiku amenewo isambitsidwe mankhwala a nkhupakupa, imwetsedwe a njoka za m'mimba, ibayidwe katemera wa matenda a m'deralo ndipo iyezedwenso. Choncho nkhunzi igulidwe miyezi iwiri nyengo yokweretsa isanafike. Wogula mochedwa, zazikazi zili kale pa nyere, sangapirire. Pofika tsiku lachitatu amatsegula chipata.

Apa m'pamene mudzi uyenera kulowererapo, chifukwa munthu payekha amagonja msanga. A mfumu ndi komiti ya dibi akhazikitse pangano limene likhudze aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, kuti ng'ombe yachilendo siponda kudambo kapena kudibi mwezi usanathe ndiponso mlangizi asanaione. Likhale lodziwika kale, kuti mnansi akadzanena kuti, "Achimwene, nkhunzi yanuyi ndi yabwino, koma iyambe yakhala payokha, tionenso mapepala ake," pasakhale womunena kuti ndi nsanje. Ndikudziwa kuti nthawi zambiri wogula nkhunzi yodula ndi munthu wamphamvu pamudzi, amene anthu amakabwereka ngolo kwa iye, ndipo kumuuza zoona n'kovuta. N'chifukwa chake mawuwo ayenera kuchokera pabwalo la mfumu, osati kwa munthu mmodzi. Pangano lomwelo likhudzenso ng'ombe za malowolo kumene mwambowo ulipo, ng'ombe zobwereketsana, ndi nkhunzi zimene zimapita kukakwera kumudzi wina nkubwerera.

Oyendetsa okushoni ndi misika nawonso asamangotolera ndalama za pachipata. Nkhunzi zoweta zisiyanitsidwe ndi ng'ombe zokapha, zikhale ndi tsiku lawo kapena mbali yawo. Pa mgwirizano wogulitsa palembedwe kuti nkhunzi ikapezeka ndi matenda pa kuyeza kwa m'masiku 28 oyambirira, wogulitsa abweze ndalama, ndipo gawo lina la ndalamazo lizisungidwa ndi woyendetsa msika kufikira zotsatira zitatuluka. Wogulitsa akadziwa kuti ndalama zake zikudikira labotale, adzayamba yekha kuyeza asanabweretse.

Chomaliza chimene chiyenera kutsekedwa ndi njira ya nkhunzi yokanidwa. Lero munthu akazindikira kuti nkhunzi yake ili ndi vuto, amaikweza mwakachetechete kupita kumsika wina kumene sakumudziwa, kapena kuijambula nkuiika pa Facebook ndi pa WhatsApp, wina nkuigula akusangalala kuti wapeza yotchipa. Nkhunzi yopezeka ndi trichomoniasis kapena vibriosis ifulidwe ikakoke ngolo, apo ayi ipite kokaphedwa, pakuti nyama yake ilibe vuto ndipo mwini wake apezapo kangachepe. Yopezeka ndi chifuwa chachikulu kapena brucellosis iperekedwe m'manja mwa a vetenale, iphedwe pamalo pamene pali woyeza nyama. Ndipo mlangizi amene wapeza matendawo aiike chizindikiro chosafufutika pakhungu tsiku lomwelo, kuti ikaonekera pamsika uliwonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, wolemba kalata ya chilolezo aibweze pachipata.